Lilime ndi Bowo

Ku Glen View, kuseri kwa shedi ya a Marufu,
kumene masofa amawothera dzuwa podikira ogula,
ine ndi mwana wanga Tsilizani tinakangana miyezi itatu
za makina oti azisema okha thabwa.

Iye ankati tigule zitsulo, tiwotcherere.
Ine ndinati ndalama yake ili kuti?
Madola athu ndi ong'ambika m'mbali,
ngakhale kondakitala wa kombi amawakana.
Tipanga ndi thabwa. Thabwa ndimalidziwa.

Ndinatenga mlombwa wotsala pa chitseko cha tchalitchi,
kuno amati mukwa, koma fungo ndi lomwelo.
Ndinasema lilime, ndinaboola bowo,
lilime lilowe m'bowo mosalikakamiza,
likalowa lisagwedere.
Msomali ayi. Kachikhomo kamodzi, guluu pang'ono.
Ndi mmene ndinalumikizira bedi la mayi ake,
ndipo mpaka lero silinalirepo.

Mamota atatu anachokera ku Siyaso,
m'mimba mwa makina akufa okopera mapepala.
Tsilizani anawabweretsa m'chikwama cha kusukulu,
manja ali bii, akuseka yekha mumsewu
ngati watola chikwama cha mzungu.

Magetsi kuno amabwera teni koloko usiku
n'kuthawa tambala asanalire,
choncho tinasanduka akadzidzi:
iye pa kompyuta yosweka pakona, kulemba manambala,
ine ndi sikweya, kuyeza ngodya iliyonse kawiri,
pakuti makina samva zoti "bola pamenepo."
Ukaphonya ndi katsitsi kamodzi
iwo abwereza kuphonyako mokhulupirika
mpaka thabwa litatha.

Usiku woyamba anayenda cham'mbali ngati nkhanu,
nadziluma okha mwendo, kampeni n'kuthyoka.
Madola asanu ndi atatu.
Sindinayankhule. Ndinakasesa utuchi umene unali wosesa kale.

Usiku wachiwiri tinawauza ajambule mwezi,
iwo anatipatsa dzira.
Tsilizani anati vuto ndi manambala.
Ine ndinagwira mtanda wapamwamba
ndipo ndinaumva ukunjenjemera m'chikhatho.
Lilime limodzi ndinalisema mopyola,
Loweruka lija ndinkathamangira mpira ku Rufaro.
Ndinalizula, ndinasema lina, osamuuza.
Iye anasintha manambala ake, osandiuza.
Mwezi unatuluka wathunthu,
ndipo aliyense wa ife akudziwa mumtima
kuti anakonza ndi iyeyo.

Kenako anafunsa: tilembe chiyani, bambo?

Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza,
anapala matabwa a eni ake zaka makumi anayi,
anagona ku Mbudzi pansi pa kalata
kamene dzimbiri linadya dzina lonse,
kutsala nambala.
Ndinati lemba Filimoni Kachingwe.

Kampeni kanatsika, kanalira ngati udzudzu waukulu,
utuchi wofiira n'kumawunjikana m'mbali mwa zilembo.
Ndinapinda manja kumbuyo.
Zaka zonsezi sindinaonepo thabwa likusemedwa
manja anga ali chabe,
ndipo ankandiyabwa.

Titapemerera fumbi, dzina linali chagada,
loyambira kumanja kupita kumanzere.
Waya umodzi tinaulumikiza mopingasa.
Tsilizani anagwira pakamwa, nati titaye, tiyambirenso.
Ine ndinaliyang'ana nthawi yaitali.
Munthu amene ankati chaka chamawa ndibwerera,
chaka chamawa ndibwerera,
dzina lake lomwe linatembenuka n'kuyamba ulendo.

Tinakonza wayayo. Lachiwirilo linatuluka bwino,
tikalizika mvula ikatha.
Loyambalo ndalipachika pamwamba pa benchi,
limawerengeka pagalasi lometera ndevu lokha.

M'mawa a Marufu anasuzumira pa mpanda,
mswachi uli kukamwa,
nafunsa ngati chinthuchi chingaseme miyendo ya sofa makumi asanu
pofika Lachinayi, ndi pa mtengo wanji.
Ndinayang'ana Tsilizani.
Anali atagona pa matumba a utuchi,
pensulo yanga ili kukhutu kwake.